Maola Khumi ndi Awiri Kuchokera ku Roma

A Stefano atamwalira ku Guilleme, mwezi wa Okutobala kukutentha ngati m'ng'anjo, mkazi wawo Imelda sanalire. Amayi anzake ankamuyang'ana cham'mbali, koma iye anangokhala pamphasa, n'kumafunsa chinthu chimodzi chokha: mwana wawo Vitus, amene ankaphunzira unsembe ku Roma, angafike liti?

Amene anamuyankha ndi Bambo Benedicto, wansembe wa pamishoni, ndipo anayankha mopepuka monga amachitira anthu oti ndege anaikwerapo.

"Roma n'kutali, mayi, koma ndege sichedwa. Maola khumi ndi awiri basi, ili pa Chileka. Ndikaimba foni kuboma."

Aa, pakamwa pa munthu! Imelda anawerengera ndi dzuwa: kunyamuka mamawa, kufika ng'ombe zikulowa m'khola. Basi ya ku Lilongwe imachita kuposa pamenepo ikatitimira m'matope. Anauza abale a malemu kuti maliro adikire, mwana adzaone nkhope ya bambo ake bokosi lisanakhomedwe.

Anadikira. Mawa lake amayi anayamba kufukiza masamba m'nyumba ya siwa, ndipo oimba nyimbo anasunthira panja mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake. Imelda yekha ndiye sankamva fungo. Sankamvanso njala, kapena ntchentche zikamutera pamkono.

Tsiku linalo abale anatopa, natuma adzukulu kukakumba manda osamuuza. Dzuwa litapendeka, a Timoteyo, mkulu wa adzukuluwo, anadzanjuta pakhomo, dothi lofiira lili mpaka m'mawondo.

"Mayi, mwambo mukuudziwa. Dzenje likakumbidwa siligona lopanda mwini wake."

Bambo Benedicto anali pomwepo, chipewa chili m'manja. Anati foni inalowa ndithu, Vitus wamva, koma ndege yoti akwere imanyamuka kamodzi pa sabata, ndipo ya sabata imeneyo inali itapita kale. Zimenezo poyamba paja sanaziganize.

Imelda anawayang'ana onse awiri. Mumtima munalibe mkwiyo, munalibe chilichonse.

"Khomani," anatero.

Vitus anafika sabata yotsatira, nsapato zili mbuu ndi fumbi, atagona panjira kuchokera ku Blantyre. Anapeza amayi ake atametedwa kale, akusenda mtedza pakhonde. Anagwada, nalira ngati kamwana. Imelda anapitiriza kusenda, ndipo pomuyankhula anamupatsa ulemu wa mlendo.

"Mwayenda bwanji?"

"Bwino, amayi."

"Ndegeyo inatenga maola angati?"

"Khumi ndi awiri, kuphatikiza poima pa Nairobi."

Imelda anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Wansembe sananame ayi.

"Bambo anu anakudikirani mpaka anthu anathawa m'nyumba," anatero. "Ine ndi amene ndinawachititsa manyazi amenewo."