Bulangete la Zigamba la Mzime

Zaka zisanu ndi zinayi zinatha Aphunzitsi akusoka bulangete limodzi. Ntchito anapuma kalekale, koma msewu wonse unkawatchulabe Aphunzitsi, ndipo wodutsa masana ankawaona pazenera la pabalaza, magalasi atatsetserekera pamphuno, singano ikulowa ndi kutuluka. Makina osokera anali nawo, koma ankati makina amathamanga ngati achedwa basi, sapatsa munthu mpata woona chimene akusoka.

Analiyamba chaka chimene bambo a ana anamwalira. M'kabati munatsala malaya awiri akhaki a kuntchito yawo yoyendetsa lole, othetheka m'kolala, oti sungampatse munthu. Kuwataya kunawakanika. Anawadula tizigamba, kenaka anafukula masutikesi a pansi pa bedi: mayunifomu a ana onse anayi, katani ya nyumba yoyamba ija yodontha, diresi lamadontho limene anavala tsiku loyamba kuima kutsogolo kwa kalasi. Pakati anaikapo thonje, kunsi nsalu imodzi yoyera.

Mwana wawo womaliza, amene onse ankangomuitana kuti Mzime, nthawi imeneyo n'kuti akuyamba sukulu ya unamwino.

"Ndi lako ili," anamuuza. "Ukamamaliza sukulu likhala litatha."

Mzime anamaliza sukulu, anayamba ntchito, bulangete lidakali pakati. Tsopano anali atapeza ntchito kutali, kumalo kozizira, ndipo ankanyamuka Lolemba.

Lachinayi m'mawa Aphunzitsi anapinda mbali yomaliza. Anamanga mfundo, nadula ulusi ndi mano monga mwa chizolowezi. Kenaka anangokhala. Manja anasowa pogwira. Anawaika pamiyendo, anawachotsa, anakonza magalasi. Atayang'anitsitsa m'mphepete muja, anaona ngati msoko wakhota pang'ono. Anatenga lezala, namasula mbali yonse.

Lachisanu anasokanso, ndipo madzulo ake anapezanso chifukwa chomasulira.

Mng'ono wawo, amene anali ndi okala kuseri kwa msika, anabwera Loweruka kudzacheza. Anapeza tiulusi todukaduka tili mbwee pansi pa mpando.

"Achemwali, mbali iyi sinali yosoka kale dzana?"

"Inakhota."

"Inu kukhotetsa msoko? Inu amene munkatibwezera kope chifukwa cha mzere umodzi?" Anaseka, nakhala pansi, nakokera ngodya ya bulangete pamiyendo pake. "Nsalu iyi ikuyamba kunyenyeka, mukaimasulanso kachitatu ing'ambika. Nenani zoona."

Aphunzitsi anasisita kachigamba kakhaki ndi chala.

"Apa panali thumba," anatero. "Ankaikamo masuwiti a ana akamabwera ku ulendo. Tsiku lina anaiwala, ine n'kuchapa malayawo, masuwiti onse kusungunuka. Ukuona kabanga aka? Sikanachoke mpaka lero." Anapumira m'mwamba. "Ndikamasoka ndimakhala ngati onse ali m'nyumba muno, akukanganirana bafa. Likapita, ine masana ndizichita chiyani?"

"Muzibwera kuokala muzindithandiza kukalipira makasitomala. Mawu aja mukadali nawo."

Anaseka onse awiri, Aphunzitsi akupukuta magalasi ndi mpango. Kenaka mng'ono wawo anawalowetsera ulusi pasingano, poti maso ake anali akuthwabe, nakhala pomwepo osachoka mpaka mfundo yomaliza itamangidwa. Lezala anaiponya m'chikwama chake.

Mzime anafika Lamulungu masana kudzatsazika. Anayala bulangete lija pabedi la amayi ake, ndipo linasefukira mbali zonse mpaka kugunda pansi. Anayenda molizungulira, akuloza.

"Iyi ndi siketi yanga ya sitandade wani. Ndinaing'amba pampanda, n'kunamizira galu."

"Ndinkadziwa. Galu sang'amba molunjika choncho."

"Nanga iyi yobiriwira?"

"Thewera lako limenelo, osalinyoza. Linali pilo ya bambo ako, koma unabadwa mwezi usanakwane, tilibe kalikonse."

Mzime anagwada, naika tsaya pa zigamba zakhaki zija. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atadzuka anati, "Amayi, likhale konkuno. Ndikuona m'maso mwanu kuti simukufuna lipite. Ndizilipeza ndikamabwera patchuthi."

Aphunzitsi anatsegula pakamwa. Mawu oti "chabwino" anafika pamlomo penipeni. Koma anayang'ana mwanayo, wowonda ngati bambo ake, amene kuyambira ali wakhanda kamphepo pang'ono kankamudwalitsa chifuwa.

"Kuno kukutentha," anatero mwachidule, ngati akutseka nkhani m'kalasi. "Gwira uko tipinde."

Silinakwane m'sutikesi. Analimanga ndi chingwe cha katani, ndipo Mzime anatuluka nalo pachipata atalikumbatira ngati mwana wonenepa. Aphunzitsi anabwerera pabalaza, nasesa tiulusi tonse, nakhala pampando wawo. Sabata yonseyo anthu odutsa ankawapatsa moni pazenera, iwo n'kumayankha mochedwa.

Patatha miyezi iwiri foni inalira m'mawa. Anali Mzime, mawu ake ngati wolakwa.

"Amayi, musakwiye. Bulangete lija lakodwa pamsomali wa bedi. Kachigamba kamadontho kasomphoka mbali imodzi."

"Ukumafunda?"

"Tsiku lililonse. Ndikachoka kuntchito ndimangodzikulunga, ngakhale tiyi ndimamwera momwemo."

Aphunzitsi anatseka maso, namwetulira.

"Singano uli nayo?"

"Ndabwereka kwa mnzanga. Koma ine ndimadziwa kusoka mabala okha."

"N'chimodzimodzi, kungoti ili silikuwa. Khala pafupi ndi zenera. Ulusi uupinde pawiri, mfundo ibisale mkati. Usakoke kwambiri, diresi limenelo ndi lalikulu kuposa iwe."

"Ndayamba, amayi."

"Pang'onopang'ono. Ndiuze ukafika pangodya."