Ulusi wa pa Mkono wa Elijah

Vuto la Elijah linali loti ananenepa. Munthu anachoka ku Kasungu ali ngati nsungwi, koma atakhala zaka ziwiri akusamalira okalamba ku Wolverhampton, masaya anafufuma moti mkazi wake Rose, akaimba foni ya kanema, ankayamba wayang'anitsitsa kaye nkhopeyo asanapereke moni.

"Bambo a Zoe, akukuphikirani ndani kumeneko?"

"Ndimaphika ndekha, mayi a Zoe. Kuno aliyense amadzionera."

Linali bodza lamkunkhuniza. Elijah ngakhale dzira ankalipsereza. Amene ankamudyetsa anali Noi, mayi wa ku Thailand wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wamfupi ngati mtondo, yemwe ankagwira naye ntchito panyumba ina ya okalamba kufupi ndi chipatala cha New Cross. Tsiku lililonse mayiyu ankabwera ndi makontena awiri a mpunga ndi nkhuku ya tsabola, n'kumuimirira mpaka amalize. Elijah sanamutchulepo kwa Rose, poti mkazi wake ankamudziwa bwino. Akanangomva kuti kuli mayi wina wophika, zoti mayiyo ali ndi zaka zingati sakanafunsa n'komwe.

Kenaka viza ya Rose inatuluka. Ndege inali yofika Loweruka, mwana wawo Zoe atatsala kaye kwa agogo ake kuti amalize sukulu.

Lachisanu masana Noi anamuitanira Elijah kunyumba kwake. Iye ankayesa kukadya basi. Anapeza amayi a ku Thailand khumi ndi mmodzi atakhala pansi, atazungulira mbale ya maluwa ndi masamba a nthochi. Anamukhazika pakati, n'kumuika dzira lowiritsa m'manja. Ndiye mmodzimmodzi anayamba kumumanga ulusi woyera pamkono, aliyense akunong'ona m'chinenero chawo.

"Kwathu timatero munthu akamayamba moyo watsopano," Noi anafotokoza m'Chingerezi chake chothyokathyoka. "Mtima wako unabalalika, wina kuno wina ku Malawi. Tikuuitana ubwerere, tiumange usathawenso. Ukhale nawo masiku atatu. Osadula ndi sizasi!"

Elijah anathokoza, koma mumtima ankadzifunsa. Iye, msungichuma wa kwaya kutchalitchi, akachingamire mkazi wake atavala zingwe khumi ndi chimodzi zomangidwa ndi akazi? Kwawo mwamuna wotere safunsidwa mafunso ambiri, amangoti anthu anamukonza kale.

M'mawa mwake anatenga sizasi, n'kuyiika pa ulusiwo. Dzanja linakana. Anakumbukira makontena onse aja, ndipo anachita manyazi. Anabweza sizasi m'dirowa, n'kuvala juzi ya manja aatali, ngakhale tsikulo dzuwa la Julaye linali litaswa mtengo.

Kubwalo la ndege ku Birmingham zonse zinayenda bwino. Anakumbatirana, Rose analira pang'ono, n'kutsina tsaya la mwamuna wake ngati akuyesa papaya pamsika. M'sitima Elijah thukuta linali kamukamu, koma juzi sanavule. Chinamugwetsa ndi ulemu wa mkazi wake. Atafika kunyumba, Rose anatulutsa usipa ndi ufa zimene anabwera nazo, anaphika, kenaka anabweretsa beseni ndi jagi kuti amusambitse m'manja monga ankachitira kwawo.

"Pindani juziyo, inyowa."

"Ayi, ili bwino chonchi."

Rose anaipinda yekha. Anayang'ana ulusiwo, n'kuuwerenga ndi chala, umodziumodzi, mosafulumira.

"Izi n'chiyani?"

"Ndi kalicha yawo chabe, mayi a Zoe. Anzanga a kuntchito, ma Thai. Ndi blesing'i."

"Blesing'i. Anakumangani ndi amuna kapena akazi?"

Rose sanadikire yankho.

"Ndiye kunenepa kuja? Zaka ziwiri ine ndikupemphera kuti mashifiti asakupheni, kani inu muli pa kondaine! Nyamukani. Mundiperekeze kwa mkazi ameneyo panopa."

Anamanga chitenje m'chiuno molimba, mmene amamangira mayi amene sakupita kukacheza. Anakwera basi. Elijah anali ndi mantha enieni, chifukwa anaona kuti banja limene analivutikira zaka ziwiri likhoza kutha lisanagone n'komwe ku England.

Anatsegula chitseko ndi Osborne, mwamuna wa Noi, mzungu wadazi yemwe anapuma ntchito kufakitale ya magalimoto ku Solihull. Analoza mulu wa nsapato pakhomo. Rose anavula zake monyinyirika, poti ndewu ya munthu wopanda nsapato imayamba yachepa kale mphamvu. Asanatsegule pakamwa, kukhitchini kunatuluka kamayi ka imvi, chipande chili m'manja.

"Rose! Rose wa pa foni!"

Rose anacheukira mwamuna wake. "Ndi amenewa?"

"Ndi amenewa."

Noi anamugwira manja onse awiri, n'kumukokera m'nyumba uku akulongolola osapuma. Anati mwamuna wakoyu ndinamupeza m'chipinda chopumira nthawi yozizira, akudya buledi wouma ndi madzi otentha. Miyezi itatu ankadya zomwezo, chifukwa chilichonse chimene wapeza ankatumiza kwanu. Tsiku lina anagwa m'kholido atanyamula zofunda. Atatsitsimuka, choyamba kunena chinali choti tisamuuze Rose.

Zimenezi Rose anali asanazimvepo. Anayang'ana Elijah, ndipo Elijah anayang'ana masokosi ake. Mkwiyo wonse unasungunuka, m'malo mwake munalowa chisoni, ndi manyazi a chitenje chija.

Ndiye anachita zimene mwana woleredwa bwino amachita pamaso pa mayi wamkulu: anagwada, n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu. Noi anadzidzimuka kuona mlendo ali pansi m'nyumba mwake iye ali chiimire, choncho nayenso anagwada, manja ataphatikiza pachifuwa. Rose ataona kuti gogo wamugwadira, anatsika n'kukhala pansi. Noi anawerama. Rose anaweramanso kuposa pamenepo. Posakhalitsa amayi awiriwo anali atatsala pang'ono kugona chafufumimba pakapeti, aliyense akulimbikira kuti mutu wake ukhale pansi pa wa mnzake. Osborne anawadumpha bwinobwino, n'kupita kukatereka ketulo.

Woyamba kuseka anali Noi. Rose naye anaseka, misozi ikuyenderera, mpaka mphuno inatota. Ali pansi pomwepo, Noi anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa ulusi woyera. Anali atausunga kuyambira dzulo lake.

Rose anauyang'ana kanthawi, kenaka anatambasula mkono.

"Bambo a Zoe," anatero osacheuka, "auzeni amange zolimba. Ndipo inu, tsiku lina mukadzagonanso ndi njala osandiuza, amayi awa sadzakupulumutsani."