Wometa wa Pabwalo la Ndege

1.
Tsitsi la mwamuna lisakhudze kolala. Ndilo lamulo la dziko lino, ndipo sizasi ya lamulolo ili m'manja mwa a Dzimbiri. Kachipinda kawo kali pabwalo la ndege, kuseri kwa malo odindira ziphaso. Mlendo woitanidwa ndi boma kudzaonetsa chikhalidwe cha kwawo, ngati ali ndi tsitsi lalitali, amayamba wakhala pampando wawo.
Takulandirani. Weramani pang'ono.

2.
Amene awametapo:
mphunzitsi wa magule,
azungu oimba magitala,
wojambula wina amene analira ngati mwana.
Manyazi ake, abale inu! Mlendo amalandiridwa ndi madzi osamba, iwo amamulandira ndi sizasi.

3.
Lero kwatera gulu la oimba. Onse ometa bwinobwino, kupatula woimba ng'oma, tsitsi mpaka m'mapewa. Dzina la pachiphaso n'lachilendo. Koma makutu aja. Kayendedwe kaja.
Ndi Ganizani, mwana wa a Dzimbiri, amene anathawa atanyoza boma ndipo apolisi akumusakabe. Akangomutchula dzina, ndende.

4.
Wachitetezo watsamira chitseko, akutokosa m'mano.
Madala, mwaumiranji thupi? Mukumudziwa?
Ayi, bwana.
Amukana mwana wawo maso ali gwa.
Takulandirani. Weramani pang'ono.

5.
Ndiye sizasi inayamba kudya ndipo tsitsi linkagwera pamapazi pawo ndipo m'mutu mwawo munkangozungulira kuti mwanayu waona maiko kumene munthu amalowa ndi mutu wake wonse, lero wapeza bambo ake akadali pomwe anawasiya, akuchititsa manyazi alendo a eni, sangamufunse n'komwe ngati amadya, ngati anakwatira, sangamuuze kuti mayi ake maso anachita khungu, chala chawo chili kuseri kwa khutu lake

6.
Manyazi.

7.
Wachitetezo anasuzumira panja kukalipira wonyamula katundu. Ganizani sanadzutse mutu.
Anzangawo ndinawauza ndine kuti amete tisananyamuke, ananong'ona. Tsitsi langali ndakhala ndikulisunga chithawireni. Njira ina yoti mundikhudze inalipo, ababa?
Wachitetezo anatembenuka. Fulumirani, madala, anduna akudikira!
Tsitsi lake ndi lolimba, bwana. Litenga nthawi.
Sizasi inatseguka pang'onopang'ono, n'kudula kanthu kochepa kwambiri.