Pamwamba pa Ndiwo

A Eveline, amene ku Mandava konse ankadziwika kuti amake Manson, sanagwe kugwa koti munthu n'kukasimba. Anangopunthwa pa njerwa ali pamzere wa madzi, n'kutsamiza dzanja pansi. Chidebe cha pulasitiki chinapulumuka bwinobwino, koma mkono wamanja unathyoka.

Munali mu 2008, chaka chimene m'masitolo a ku Zvishavane munatsala mashelefu okhaokha, opukutidwa bwino. Ku kiliniki pulasitala inapezeka mwamwayi. Sista wake anali mtsikana wa maso otopa, wolankhula Chichewa chonunkhira Chishona.

"Mbuya, kumwezi munasiya liti?"

A Eveline anacheukira amuna awo, a Nehemiya, amene anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Funso lotere pagulu, mwanawe?"

"Gulu lake ndine," anatero a Nehemiya. "Yankhani. Ine ndinaona kale kuti fakitale inatseka."

Sista sanaseke. Anati mzimayi akasiya kusamba mafupa amayamba kupyapyala m'kati, ndipo njala imangowonjezera. Anafunsa zimene amadya.

"Zimene amadya anthu."

"Anthu sakudya masiku ano, mbuya. Muzipeza matemba, mudye ndi mitu yomwe. Chiponde, mkaka ukapezeka, ndi timafuta m'masamba. Sindikunena zonona za ng'ombe zimene amakonda asekuru, amuna anuwa. Mukagwanso chidzathyoka ndi chiuno, ndipo chiuno sitimanga pulasitala."

Mwana wawo Manson, amene ankaoda katundu ku Musina, kutsidya kwa boda, anabwera Loweruka ndi botolo la mafuta ophikira komanso nzeru zimene anaziphika m'basi. Amayi apite ku Ntcheu, kwa mlongo wa bambo, kumene mtedza ati umachita kuwolera m'nkhokwe. Kuno adzathyoka mpaka kutha.

A Eveline anabadwira m'komboni ya mgodi. Malawi ankamudziwira m'nyimbo za pamaliro basi. Anzawo a chigwirizano anali kuno, manda a mayi awo kuno, ngakhale adani awo anali kuno. Akakhale mlendo pakhomo pa mlamu amene anamuona pa chithunzi chokha? Koma Manson ndi amene ankadyetsa nyumbayo, ndipo mawu ake anali atayamba kulemera kuposa a bambo wake.

Tsono m'nyumbamo munali lamulo limene palibe analitchulapo. A Eveline analiphunzira kwa mayi awo: mwamuna wolowa pansi pa nthaka amadya pamwamba pa ndiwo. Mafuta amayandama, ndiye supuni imayenda mopepuka, kuwengula pamwamba kupita m'mbale ya bambo, kenako ya mwana wamwamuna. Mayi amadya zapansi, atatembenukira kumoto. A Nehemiya anapuma pa mgodi kalekale, mapapo akulira ngati akodiyoni, koma supuni ija sinapume nawo.

Masana amenewo a Eveline anayesa kupakula ndi dzanja lamanzere, repu n'kutayikira pansi. Anatukwana chapansipansi.

"Bweretsani kuno," anatero a Nehemiya. "Ndinagwira jekihama, ndingalephere supuni?"

"Musavundule! Yengulani pamwamba. Iyo ndi yanu. Iyo ya Manson. Tsopano zotsalazo muike umu."

Bamboyo anamvera ngati wophunzira ntchito. Koma mbale zinali zofanana, zachitsulo zogumuka m'mphepete, ndipo munthu wosazolowera kukhitchini sadziwa kuti yogumuka kwambiri ndi ya mayi. Anaika sadza, nsima yakuno, pakati, nakhala pansi ndi mbale yolakwika. Anasunsa, natafuna, nasiya.

"Ichi n'chiyani? Madzi otsukira mbale?"

"Ndi ndiwo."

"Ndiwo zake ziti?"

"Zomwezo mwapakulazo. Mwatenga mbale yanga, bwezani."

A Nehemiya sanabweze. Anasuzumira m'mbale imene inali patsogolo pa akazi awo, yonyezimira ngati nsapato ya m'busa, kenako m'yawoyo, masamba otuwa osambira m'madzi amchere. Munthuyu ankatchuka kubawa podzitama kuti mkazi wake amaphika zonona ngakhale pa chilala. Ankati amake Manson akhoza kufinya mafuta m'mwala.

"Ndi lero lokha, kapena?"

"Idyani, sadza ikuzizira."

"Amake Manson, ndafunsa."

"Mukufuna ndinene chiyani? Inu munkalowa pansi. Ine ndinkalowa kuti?"

"Ndinatuluka pansipo kalekale!"

"Simunandiuze kuti ndisinthe."

Manson anali atasunsa kale kawiri m'mbale yake. Mbamu yachitatu inaima m'malere. Anayang'ana zala zake zonyezimira, nazibisa pansi pa tebulo.

A Nehemiya anadzuka mawondo akulira, natola mbale zonse zitatu, n'kukhuthulira ndiwo mumphika. Anavundula mwamphamvu ngati akusakaniza simenti.

"Mwapenga? Anthu akamva adzati chiyani?"

"Adzati Nehemiya wakalamba, wayamba kuphika. Akunena kale zoposa apo."

Anapakula mofanana. A Eveline anayang'ana mbale yawo nthawi yaitali. Atadya, mafutawo anawamatirira m'kamwa ngati chinthu chakuba. Sanamve kukoma. Anamva kutopa, kwa m'mafupa mwenimweni, kumene tulo sitikuchotsa. Anaganiza za mayi awo, amene anakalamba atapindika ngati chikwakwa, anthu n'kumati ndi nkhuni zimene ankasenza.

Onse anadya mpaka mbale zinayera.

M'mawa mwake Manson anamanga chikwama chake cha mizeremizere. A Eveline anakhala pa mpando wa pakhomo, mkono uli pachifuwa, kudikira kuti amve tsiku la basi ya ku Ntcheu. Mwanayo anamanga chingwe, namasula, namanganso.

"Mhamha, ndikubweretsereni chiyani?"

"Sopo."

"Sopo sadya," anatero a Nehemiya ali m'nyumba. "Matemba ndi mtedza. Akakugwira pa boda uwauze kuti ndi mankhwala."

"Nanga za kwa atete ako ku Ntcheu zija?" Mawuwa anatuluka okha m'kamwa mwa a Eveline, iwo asanawalole.

Manson anakanda m'mutu. "Kumenekonso amapakula chimodzimodzi, si choncho?"

"Kumeneko ndi kumene zinachokera," anayankha bambo wake.

Manson anasenza chikwama, natsika kulowera kokwerera makombi. A Eveline anamuyang'ana mpaka anakhota pa msika. M'nyumba munamveka chivundikiro chikugwa, kenako fungo la anyezi wopserera.

"Bambo a Manson, botololo ndi la mwezi wonse!"

"Ndangodontheza pang'ono."

A Eveline anadziwa kuti ndi bodza. Anafuna kudzuka kuti akalande supuni, koma msana unakana, ndipo anakhalanso pansi.