Apongozi Adzalowera Pati?

A Zefaniya, ogulitsa mbatata ya kachewere ku Mphunzi, atafika poti agule galimoto, mtima wawo unagwa pa Kapiri. Ndi mmene anthu ankaitchulira Fodi yofiira ya mzungu wina wa zankhalango ku Chongoni, amene ankabwerera kwawo. Inali itayendako ndithu, koma ikabangula pachitunda agalu ankathawira m'chimanga. Galimoto ina imene inkagulitsidwa inali Pijo yoyera ya mmwenye wa pa Boma, ya mipando ya wofuwofu, yoyenda mwaulemu ngati abusa opita kumaliro. A Zefaniya ankaitcha ngolo.

Akazi awo, a Bernadetta, sanatsutse. Anangofunsa kuti mayi awo, amene miyendo inkawavuta ndipo ankapita kuchipatala mwezi ndi mwezi, adzalowera pati. Apa m'pamene bamboyo anakumbukira kuti Kapiri ili ndi zitseko ziwiri zokha. Kuti munthu akhale kumbuyo, mpaka upinde mpando, iye alowe chokwawa, wina akumukankha kumsana. Apongozi amenewo! Munthu woti ukakumana naye panjira umapatukira kutchire, lero umulonge ngati thumba la mbatata?

Zinawapweteka, tisanamizane. Anapita kukaisisita Kapiri ija komaliza, nabwera kunyumba ndi Pijo, nkhope itagwa.

Tsiku lopita kuchipatala apongozi analowera chitseko chawochawo n'kukhala bwinobwino kumbuyo. A Zefaniya anapotoza kagalasi koonera kumbuyo kuopa kuti maso angakumane, nayendetsa mwakachetechete, kuzemba kadzenje kalikonse, mpaka wanjinga wina wonyamula nkhuni anawapitirira n'kuwapatsa moni.

Atafika pamsewu waukulu, mayi aja anatsokomola n'kulankhula kwa mwana wawo, paja kwa mkamwini salankhula maso ndi maso.

"Bernadetta, tawafunsa bambo a kunyumba kwakowo, kodi galimotoyi nayonso ikudwala miyendo? Ine ndinamva kuti akugula yofiira ija imabangula. Ndakhala ndikuidikira kuti ndidzakwereko ndisanafe."

A Zefaniya anayang'ana akazi awo. Akazi awo anayang'ana panja, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Bamboyo anadandaula Kapiri yawo, inde, koma sanawakondepo apongozi awo ngati tsiku limenelo.

"Auzeni mayi agwire zolimba," anatero, n'kuponda moto.

Ngolo ija inayesetsa mmene ikanathera, ndipo kumpando wakumbuyo kunamveka nthungululu.