Mizere ya pa Chitseko cha Galaja

Aliyense ankawatchula kuti Anti Belu, chifukwa cha kabelu ka njinga kamene ankaitanira ana pomwe sukulu ya mkombaphala inkayamba m'galaja mwawo. Nthawi imeneyo ana anali asanu ndi mmodzi, onse pa kalipeti imodzi yong'ambika. Lero makalasi alipo anayi, aphunzitsi asanu ndi awiri, panja pali katungwe. Ndiye akomiti anawapempha kuti Loweruka adzafotokoze mbiri ya sukuluyi pamaso pa makolo ndi alendo.

Vuto linali mutu. Masiku ano maina ankangowathawa ngati nkhuku zoona dengu. Koma nkhawa analibe, poti chitseko cha galaja chinalipo. Chaka chilichonse ankaimika mwana aliyense pamenepo, kulemba mzere wa pensulo pamwamba pa mutu, dzina pambali. Zaka makumi awiri ndi zitatu zinali pa thabwa limenelo.

Lachinayi anabwera ndi kope kuti akopere mainawo. Analowa m'khonde, n'kukhota kumanzere monga kale, koma anangopezeka ali posambira m'manja. Anabwerera. Kalasi yobiriwira, kalasi yachikasu, ofesi. Galaja yawoyawo yalowera kuti? Chitseko china choyera mbee anachidutsa kawiri konse asanazindikire chogwirira chake chopindika chija. Atachigwira, penti inawamata m'zala.

"Samalani mayi, sinaume," anatero wopenta, bambo wamtali wa ndevu, burashi ili m'manja.

"Mizere ija ili kuti?"

"Aphunzitsi aakulu anati alendo asaone zolembalemba. Ndapaka kawiri. Ine ndimayesa munazisunga kale m'buku."

Buku lake liti, chitsekocho ndiye chinali buku. Anti Belu anayesa kuwatchula mumtima ana oyamba aja. Mwana wa telala, mapasa a dalaivala... kapena mapasa anabwera chaka chachitatu? Nanga kamtsikana koluma anzake kaja kanali kayani? Zonse zinangosakanikirana, ndipo anachita mantha enieni. Loweruka akaimirira bwanji pagulu, mayi woiwala ana ake omwe?

Wopenta uja anawayang'ana. Kenaka anaika burashi pa chitini, n'kukatsamira khoma pambali pa chitseko, manja m'mbali, chibwano m'mwamba.

"Yambirani ine."

Anti Belu sanamve mutu wake. Munthu wandevu ameneyu akuwaseka kapena? Komabe dzanja linali litatulutsa kale pensulo, ndipo maso anatsikira kumapazi monga ankachitira ndi mwana aliyense. Zidendene za mkuluyo zinali m'malere.

"Tsitsa zidendene, wakuba msinkhu iwe." Pakamwa panayankhula pokha.

Anti Belu anamuyang'ananso kumaso.

"Ndiwe wa telala. Unali woyamba pamzere."

"Wachitatu, Anti. Anayamba ndi mapasa."

Anti Belu anatsegula kope lija ndi zala zoyera penti, nalemba maina atatu.