Kompyuta ya Judith Inatsala mu Juni

Judith anadina mausi kachitatu, ndipo kabokosi komwe kaja kanatulukanso pa sikirini. Kankanena kuti kiyi watha, apeze watsopano.

"Ikukana?" anafunsa Bridget, ataima pa kauntala, chikwama cha paulendo chili pakati pa miyendo.

"Ikuganiza kaye," anayankha Judith.

Shopu ya Judith inali kachipinda kamodzi m'mbali mwa msewu ku Chiputula. Ntchito yake inali yochotsa makanema pa zimbale zakale n'kuwaika mu fulashi: maukwati, makwaya, maliro. Anzake m'tauni chimbale chikakhala chokandika ankangochibweza. Iye anali ndi pulogalamu imene inkalimbana nacho, kubwerera pamalo owonongeka kambirimbiri mpaka itatolapo kanthu. Anaipanga munthu mmodzi wa kunja amene palibe anamuonapo nkhope, ndipo miyezi iwiri iliyonse ankaika kiyi waulere woitsegulira pa tsamba lake la pa intaneti. Kiyi womaliza anatha dzulo lake, pa 30 Juni. Patsambalo panali zii. Anthu ankangolemba pansi pake m'Chingelezi, ena akuti munthuyo wadwala, ena akuti watopa nazo.

Bridget anali namwino wa ku Salisbury Lines, kwawo ku Nkhata Bay. Chimbale chimene anabweretsa chinali cha ukwati wake wa mu 2009. Ndimo mokha mmene bambo ake, malemu a Gideon, ankaoneka akulankhula, kenako akuvina. Mawa lake kumudzi ankavundukula chiliza chawo, ndipo amayi ake anapempha chinthu chimodzi, kuti amvenso mawu a amuna awo. Galimoto ya achibale inkanyamuka pa depoti 3 koloko. Nthawi inali itadutsa 11.

Judith anatulutsa chimbalecho n'kuchiyang'ana pa kuwala kwa pakhomo. M'mphepete mwake chinali chitayamba kusupuka. Anachinunkhiza.

"Ndani anapaka mankhwala otsukira mano apa?"

"Amuna anga. Akuti amafafaniza zokandika."

"Muwauze mankhwalawo aziwasiyira mano."

Bridget sanaseke. Foni yake inalira, iye n'kuidula.

Judith anakhala pansi, akugogoda tebulo ndi zikhadabo. Anatsegulanso tsamba lija, osapezapo kanthu. Anadzuka, anakhalanso. Kenako maso ake anagwera pakona ya sikirini pamene pamakhala nthawi ndi deti.

"Iyi ikudziwa bwanji kuti kiyi watha?" anatero motsitsa mawu. "Palibe wabwera kudzaiuza. Ikungoona kalendala."

Anazula kachipangizo ka intaneti n'kukaponya m'dirowa. Deti analibweza pa 10 Juni, n'kutsegulanso pulogalamu. Kabokosi kaja sikanabwere. Chimbale chinayamba kuzungulira, ndipo manambala anayamba kukwera. 2 peresenti. 5.

"Yatheka?"

"Ndainamiza. Khalani pa benchipo, asisi, itenga nthawi. Fulashi yanu ili kuti?"

Fulashi ya Bridget inali yaing'ono, yodzaza kale ndi nyimbo za kutchalitchi. Manambala atafika 58, Judith anafunda chitenje kumutu chifukwa kunja kunkawaza, n'kuwoloka msewu kukagula ina.

Atabwerako anapeza Rodney ali pa mpando wake. Rodney anali mng'ono wa mwamuna wake, bambo wa ana atatu, wokonza mafoni. Tebulo lake linali pakona ya shopu yomweyo, ndipo mafayilo a mafoni ankatsitsira pa kompyuta yomweyo. Waya wake unali utalumikiza foni ku kompyuta, ndipo kachipangizo ka intaneti kaja anali atakachotsa m'dirowa n'kukalumikizanso.

"Mwatandala uli, mlamu," anamulonjera Rodney mosangalala. "Kompyuta yanu inasokonekera mutu, imati tili mu Juni. Masamba onse amakana kutseguka. Ndakukonzerani deti, musandithokoze."

Judith anayang'ana pa sikirini. Kabokosi kaja kanali pompo. Chimbale chinali chitasiya kuzungulira.

"Dzukani, alamu."

"Ndatsala pang'ono, fayilo ya kasitomala wanga ili pa..."

"Dzukani."

Anadzuka. Judith anazula wayawo n'kumuponyera pachifuwa. Anayesa kutsegula theka la kanema limene linali litalowa, koma linakana. Anatulutsa chimbale. Chinali chotentha, ndipo posupuka paja panali patakula, tizidutswa tonyezimira titamatirira m'thireyi.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Bridget ataimirira. "Ine ndimati ndi wa pashopu pano."

"Ndi wa pashopu pano. Vuto lake ndi lomwelo. Tiyambiranso."

"Kuyambira pachiyambi?"

"Pachiyambi. Ndipo ndikuuzeni zoona, asisi. Chimbale chimawerengedwa kuchokera pakati kupita m'mphepete. Bambo anu ali mbali iti ya kanemayu?"

"Ku madyerero. Chakumapeto."

"Ndiye ali m'mphepete."

Anazulanso kachipangizo ka intaneti, n'kubwezanso deti, n'kuyambitsa. Nthawi inali 12:40. Rodney anaima chapakhomo akukulunga waya wake pa chala.

"Koma mlamu, mukanalemba kapepala. Munthu ndingalote kuti deti lolakwika ndi dala?"

"Munthu amafunsa. Chimbale chikuzungulira simumachimva?"

"Pulogalamu yakufa imeneyo itayeni. Zilipo zina zambiri, ndikutsitsirani zitatu pompano."

"Ndinayesa zisanu chaka chatha. Zonse zikafika pokandika zimakweza manja ngati inu mukaona foni yogwera m'madzi."

"Nanga mwini wakeyo akapanda kubweranso?"

"Asabwere. Kompyutayi siidzalawanso intaneti. Izikhala mu Juni. Ikayandikira pa 30 ndiziibweza pa 1, mpaka tsiku limene idzafe."

Rodney anasiya kukulunga waya. "Nanga ine mafayilo ndizitsitsira pati?"

"Mugule yanu."

"Akulu akamva zimenezi sakondwa."

"Akulu anu ndimagona nawo nyumba imodzi. Ndiwauza ndekha."

Rodney anapita pa tebulo lake, n'kuyamba kumasula foni imene sinkafunika kumasula. M'shopumo munatsala phokoso la chimbale ndi madontho a padenga. Bridget ankapita pakhomo, kubwerera, kuyang'ana manambala, kupitanso. Foni yake inalira kanayi. Kachisanu anaiyankha. Anali mmodzi wa achibale aja, akudikira ku depoti.

"Amos, ndamva. Ndati ndamva. Muyambe kukweza katundu, ine ndikubwera."

Pa 70 manambala anayamba kukwawa. Chimbale chinkalira ngati chikukukuta mchenga, kuima, kuyambanso. 76. 79. Itakwana 2:20 chinali pa 84, ndipo chinakhala pomwepo mphindi khumi.

"Apa sichipitirira," anatero Judith. "Ndikachikakamiza chisupukiratu. Ndiiuze itseke ndi zomwe yatola?"

"Ali momo?"

"Sindikudziwa."

Bridget anayang'ana wotchi ya pafoni. "Tsekani."

Judith anatseka, n'kutsegula kanemayo, n'kumukokera chakumapeto. Panaoneka holo yodzaza mabaluni, anthu akuponya ndalama m'lichero. Anakokanso pang'ono. Bambo wamtali wa suti yotuwa anali ataima ndi maikolofoni. Nkhope yake inkasweka timabokositimabokosi, kubwerera, kuswekanso, koma mawu ankamveka bwinobwino. Ankalankhula Chitonga, ndipo anthu m'holomo ankaseka.

Bridget anagwira m'mphepete mwa kauntala. Rodney anaika sikuludalaivala pansi.

Bamboyo analankhula mphindi zinayi. Anapereka maikolofoni, nyimbo inayamba, anavula jekete n'kukweza phazi limodzi. Sikirini inada pomwepo.

"Kuvina kuja?" anafunsa Bridget.

"Kwapita."

"Ulendo woyamba uja kukanalowa?"

Rodney anaweramitsa mutu. Judith anamuyang'ana, kenako anayang'ana Bridget.

"Mwina. Chimbale chinali chisanasupuke chonchi. Sindingakunamizeni."

Bridget anangogwedeza mutu. Judith anakopera kanemayo mu fulashi yatsopano, n'kusunganso wina m'kompyuta. Chimbalecho anachikulunga m'pepala loyera.

"Ichi musachiikenso m'makina alionse. Chatha."

Rodney anali atatuluka kale pamvula, akuimitsa njinga yamoto. Anatenga chikwama cha Bridget n'kuchikweza yekha.

"Pepani chomene, amama," anatero.

"Yewo," anayankha Bridget m'Chitonga osamuyang'ana. Fulashi anaiika m'thumba la mkati mwa juzi, n'kukwera. Njingayo inakhotera ku depoti nthawi ili 2:48.

Judith anadula kachidutswa ka tepi yoyera, n'kulembapo ndi peni yakuda: OSAKONZA DETI. Anamata pamwamba pa sikirini. Kenako anakoka tebulo la kompyuta n'kulilowetsa kuseri kwa kauntala, kumene kunali malo a mpando umodzi wokha.